Ntchito Imene Ndinaisiya ku Maputo

Ana anga, Lusiya, Tome ndi iwe Selina, inu munandidziwa ndili kale mphunzitsi wa kimika pa sekondale ya pano pa Milange, woyenda pa njinga malaya ali mbuu ndi choko. Koma ndisanafike apo ndinagwirapo ntchito ina, ndipo ndi imene ndinaikonda kuposa zonse. Sindinakufotokozereni bwino chifukwa nkhani yake inalukana ndi ya mkulu wanu Abele, amene Lusiya yekha ndiye anamuona, ngakhale sangamukumbuke. Tsopano ndapuma pantchito, maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndati ndilembe ndikadali kuona mizere.

Quelimane, 1977 mpaka 1980

Dziko litangolandira ufulu, aphunzitsi achipwitikizi anapakira n'kumapita kwawo, masukulu n'kutsala opanda anthu. Ife amene tinali titangomaliza kumene sekondale anatiitana n'kutipatsa makalasi. Ine anandipatsa kimika, osati chifukwa ndinkaidziwa, koma chifukwa ndinali ndekha amene sindinakane. Labotale ya pasukulupo inali ndi mabotolo odzaza mashelefu, koma mapepala a mayina ake anali atadyedwa ndi mphemvu, moti mkulu wa sukulu anatseka chitseko n'kunena kuti asalowemo munthu. Ndinkawerenga mutu umodzi madzulo, m'mawa n'kukauphunzitsa. Ana ena anali akulu kuposa ine.

M'zaka zimenezo ndinakwatira mayi anu, Rosalina, mwana wa ku Mongue, kufupi ndi kuno ku Milange, ndipo Abele anabadwa. Kuyambira tsiku limene anabadwa, mayi anu sananditchulenso mwina ayi, koma "bambo a Abele". Kenaka kunabwera uthenga woti aphunzitsi angapo apite ku yunivesite ku Maputo akaphunzire bwinobwino zimene ankaphunzitsazo, ndipo dzina langa linalipo. Kumeneko nyumba ya munthu wabanja kunalibe. Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi. Tinagwirizana kuti Rosalina abwerere kwawo ku Mongue azikalima pafupi ndi abale ake, ine ndizibwera patchuthi. Tinkaganiza kuti ndi za kanthawi.

Maputo, 1981 mpaka 1986

Ku Maputo ndinakumana ndi Dotora Elena. Anali mayi wa ku Chile, wamfupi, waimvi, wosuta fodya kwambiri, amene anathawa kwawo asilikali atalanda boma. Mwamuna wake anamugwira asilikaliwo ndipo sanaonekenso. Zimenezi ndinazimva kwa ena, mwiniwake sankazikamba. Ataona kuti masamu sandivuta, ananditenga kuti ndizimuthandiza pa kafukufuku wake, ndipo nditamaliza maphunziro anandipezera malo ngati wothandizira mu dipatimenti.

Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Fernando, okosijeni amene ukupumayu, ukudziwa kuti ukamuziziritsa mpaka asanduke madzi amakakamira ku maginito?"

Ndinati sindikudziwa.

"Khala pansi," anatero. "Ukamvetsa chifukwa chake, wamvetsa theka la ntchito yathu."

Ndiyese kukufotokozerani mmene anandifotokozera. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi timagulu ta maatomu totchedwa mamolekyu, ndipo chimene chimamanga maatomuwo pamodzi ndi maelekitironi. M'mamolekyu ambiri maelekitironi amakhala awiriawiri. Koma alipo mamolekyu ena amene amatsala ndi maelekitironi awiri osagwirana. Amenewo ndiwo madiradikali, ndipo okosijeni ndi mmodzi wa iwo. Elekitironi iliyonse ili ngati kamaginito kakang'ono kwambiri. Awiri otsalawo akaloza mbali imodzi timati tripuleti, akaloza mosiyana timati singuleti. Funso lathu linali lakuti molekyu imakhazikika mu uti mwa makhalidwe awiriwa, ndipo mphamvu zake zimasiyana motani. Madiradikali ambiri sachedwa kusanduka chinthu china, sungawasunge m'botolo, choncho njira yathu inali yowerengera ndi masamu a kimika ya kwantamu, amene amafotokoza kumene elekitironi ingapezeke. Dotora ankati tikawamvetsa tidzadziwa chimene chimachitika panthawi imene molekyu ikuthyoka, ndipo mwina tsiku lina anthu adzapanga maginito opanda chitsulo.

Molekyu yathu inali ya maatomu anayi a kaboni, limodzi pakati, atatu m'mbali. Dzina lake ndi lalitali. Ine ndinkangoitcha phazi la nkhuku, ndipo Dotora anayamba kuitchula choncho nayenso, m'Chinyanja chake chokhotakhota. Ya phazi la nkhukuyo ena anali ataiwerengera kale. Ife tinkafuna achibale ake, amene chala chimodzi chasinthidwa ndi atomu la mtundu wina. M'menemo tripuleti ndi singuleti zinkayandikana kwambiri moti kulakwitsa pang'ono kunkatembenuza yankho. Njira yapafupi yowerengera imakakamiza maelekitironi kukhala mwa dongosolo limodzi lokha, ndipo pa singuleti ya diradikali imanama. Pankafunika kusakaniza madongosolo angapo nthawi imodzi, ndipo apo ndi pamene makina ankatilephera.

Kompyuta sinali yathu. Inali ya ofesi ina ya boma, yodzaza chipinda chonse, ndipo ntchito yake yeniyeni inali ya malipiro a ogwira ntchito. Ife tinkapatsidwa Lamlungu masana, eni ake akapuma. Malangizo tinkawaboola pa makadi, khadi limodzi mzere umodzi, n'kuwanyamula m'katoni ya nsapato. Nyengo ya chinyezi makadi ankafufuma n'kukakamira m'makina. Magetsi ankazima kawirikawiri chifukwa mapolo ake ankagwetsedwa ndi ankhondo a kutchire olimbana ndi boma, ndipo akazima ntchito ya masana onse inkapita. Makadi atsopano atasowa tinayamba kutola otayidwa a eni kompyutawo, n'kumafufuza amene mabowo ake akugwirizana ndi mizere yathu. M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Tinkadya kabichi ndi nsomba ya karapau, mawa karapau ndi kabichi. Dotora ankalandira chakudya chapadera cha anthu ochokera kunja, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera ndi buledi wopaka batala, n'kunama kuti iye wadya kale.

Pamene tinapambana ndi pamene tinazindikira kuti mbali ziwiri za molekyuyo n'zofanana ngati manja a munthu, choncho mawerengero ambiri ankangobwerezedwa pachabe. Tinakhala miyezi tikulembanso pulogalamu kuti iziwadumpha. Lamlungu limene inayenda mpaka kumapeto, pepala likutuluka ndi manambala ooneka bwino, Dotora anakhala pansi pasimenti n'kuvula magalasi. Ine ndinaimirira ndikuwerenga manambalawo mobwerezabwereza. Ana anga, sindinamvepo chimwemwe cha mtundu umenewo pantchito ina iliyonse. Ndinali kuona chinthu chimene palibe diso linachionapo, ndipo ndinali ine, mwana wa ku Milange.

Kumudzi ndinkabwera kamodzi pachaka, ndipo ulendo uliwonse njira inkaipiraipira. Ulendo womaliza ndinafika pa mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Lusiya anali wakhanda, Abele atayamba sukulu. Ndinamubweretsera makadi otha ntchito, ndipo ankawayang'anitsa kudzuwa kuti kuwala kudutse m'mabowo. Anandifunsa kuti, "Ababa, nkhuku yanu ija mwaipeza phazi lake?" Ndinati ndatsala pang'ono. Rosalina anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati, "Bambo a Abele, mfuti zikumveka pafupi masiku ano. Pezani nyumba kumeneko." Ndinamulonjeza, ndipo ndinalembetsadi, koma mndandanda wa ofuna nyumba sunkasuntha.

Chaka cha 1986

Zinthu ziwiri zinandifikira m'mwezi umodzi. Dotora analandira ntchito ku yunivesite ina ya ku Ulaya, kumene kunali kompyuta yaikulu, ndipo anandipezera malo oti ndikapitirize naye kafukufuku mpaka ndikhale dotolo wa maphunziro. Unduna wa zamaphunziro unavomera. Pasipoti inatuluka. Kenaka wailesi ya kunja inalengeza kuti Milange wagwa m'manja mwa ankhondo a kutchire, ndipo anthu akuwolokera ku Malawi piringupiringu. Lamya ya ku boma la Milange sinkalira. Ndinayenda m'maofesi onse amene ndinkawadziwa, palibe amene anandiuza kanthu za Mongue.

Ndinapita kwa Dotora ndi kumuuza kuti sindipita ku Ulaya, ndikukafuna banja langa.

Anazimitsa ndudu yake pang'onopang'ono. "Ukawafuna kuti?"

"Ku malire, Dotora. Ngati ali moyo ali ku Muloza kapena chapafupi."

"Ngati ali moyo," anabwereza. "Tamvera, Fernando. Ukapita uko ukakhala wothawa nkhondo ngati iwo, wopanda kanthu m'manja. Maboma awiriwa sakuonana bwino. Akamva kuti wasiya ntchito n'kulowa ku Malawi adzakuyesa wogalukira, ndipo malo ako sudzawapezanso. Ukapita nane, udzalembera mabungwe ofufuza anthu otayika, adzawapeza, udzawaitanitsa. Udzakhala ndi chowadyetsa. Ndikukuuza zanzeru."

Zinalidi zanzeru, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinakhala masiku ndisakudya bwino. Ndinkati ndikatsegula bokosi la makadi mtima unkati pita, sudzapezanso mwayi wotere. Ndikatseka ndinkaona Rosalina ali ndi mwana kumbuyo, wina kudzanja, pamsewu umene sindinkaudziwa. Ndinabwerera kwa Dotora n'kunena kuti, "Kalata siingabereke mwana kumbuyo. Ndikupita."

Anakwiya. Anati ndataya zaka zake zisanu pamodzi ndi zanga, ndipo anthu a dziko lino adzakhala akugula nzeru kwa ena mpaka kalekale ngati aliyense wodziwa kanthu athawa ntchito. Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Sabata yonse sanandilankhule. Kenaka anandiitana mu ofesi yake. Patebulo panali chiphaso choyendera chosainidwa, cholembedwa kuti ndikupita ku Tete pa ntchito ya dipatimenti, ndi tikiti ya ndege. Anali atayenda yekha m'maofesi kupempha zimenezo.

"Kuchokera ku Tete udziwa wekha," anatero, osandiyang'ana. Ndili pakhomo anawonjezera kuti, "Ine ndinakwera ndege. Anandiuza kuti mwamuna wanga ndikamufufuza bwino ndili kunja." Sindinamuonenso.

Ndege ya ku Tete inachedwa masabata. Kuchokera kumeneko ndinakwera lole ya mumdipiti mpaka ku Zobue, n'kulowa ku Malawi wapansi, kenaka mabasi mpaka ku Limbe ndi ku Muloza. Ndinafika mvula itayamba. Phiri lathu la ku Milange linali pompo tsidya lina, looneka bwinobwino, koma tsidya la Malawi kunali anthu osawerengeka m'misasa ya udzu ndi mapepala apulasitiki. Ndinayenda msasa ndi msasa ndikufunsa a ku Mongue, m'Chinyanja, m'Chilomwe, m'Chipwitikizi. Ena ankandilozera kumtunda, ena kumunsi. Tsiku lina mayi wina wotunga madzi anati, "Rosalina wamtali uja, wa mwana wamkazi? Ali kuseri kwa thanki ya madzi."

Ndinamupeza atakhala pamphasa akusankha nyemba za chithandizo, Lusiya ali pamiyendo. Anali ataonda moti ndinamuzindikira ndi mpango. Anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, osaimirira. Kenaka anati, "Mwabwera, bambo a Lusiya."

Sindinafunse. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, chikwama chili m'manja.

Madzulo ake anandifotokozera. Anayenda kuchokera ku Mongue kudutsa m'tchire, Abele akuyenda yekha njira yonse, atasenza ketulo. Anafika bwino. Chikuku chinalowa mumsasa pambuyo pake, n'kutsatana ndi kutsegula m'mimba, ndipo ana ankaikidwa tsiku ndi tsiku. Nditawerengera ndinapeza kuti pamene ndinkakangana ndi Dotora, Abele anali akusewera. Pamene ndinkadikira ndege, anali akudwala. Rosalina anati mwanayo ankafunsa ngati ndikudziwa kumene asamukira. Anamuuza kuti ndikudziwa, ndili m'njira.

Muloza ndi Milange, 1987 mpaka kupuma

Mayi anu anakhala miyezi yambiri osalankhula zoposa moni. Ndinkaphika ndine, kukalandira ufa ndine, kusambitsa Lusiya ndine, amuna anzanga akundiseka. Ndikanakhala ku Ulaya sindikudziwa ngati akanadutsa nyengo imeneyo, ndipo Tome ndi Selina, amene munabadwira mumsasa momwemo, mwina simukanakhalako. Pambuyo pake anayamba kulima kadimba ka mpiru m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndinaona kuti wabwerera. Ine ndinayamba kuphunzitsa pa sukulu ya othawa nkhondo, pansi pa denga la udzu, bolodi lake chitseko chopakidwa makala.

Mtendere utabwera mu 1992 tinawoloka n'kubwerera. Ku Mongue kunalibe choti tibwererere, ndiye tinakhazikika pa boma. Sekondale inalibe denga mbali ina, mabenchi anali atasonkhezedwa pamoto. Ndinalembera ku Maputo kufunsa za malo anga akale. Anandiyankha mwaulemu kuti analowapo wina, ndipo ntchito ya kwantamu inatha pamene Dotora anachoka. Ndinaphunzitsa pano mpaka kupuma. Akuluakulu a sukulu anasinthana ambiri, ena abwino, ena ongofuna kuti ana onse akhoze papepala. Labotale sitinakhale nayo yeniyeni. Asidi ndinkaonetsa ndi mandimu, zizindikiro zake ndi madzi a maluwa ofiira. Chaka chilichonse tikafika pa okosijeni ndinkawauza za maelekitironi awiri aja, ngakhale sizinali pa silabasi, ndipo ana ankadziwa kuti tsiku limenelo aphunzitsi aiwala belu.

Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri chibwererereni, wansembe wina wochokera ku Quelimane anandibweretsera envulopu imene inayenda m'manja ambiri. Munali masamba ochepa osindikizidwa m'Chingerezi: kafukufuku wathu uja, atamalizidwa pa kompyuta ya ku Ulaya. Pamwamba panali dzina la Dotora, ndi langa pambali pake. Manambala ake sanasiyane kwenikweni ndi amene tinapeza Lamlungu lija. Ndinalembera Dotora kalata, koma yankho silinabwere, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti anamwalira ndi matenda a m'mapapo. Ndinawerenga masambawo nditakhala pakhonde, ndipo ndinalira. Rosalina anandipeza choncho.

"Mukanapita, bambo a Lusiya," anatero.

"Ndikanapita ndikanalira china," ndinayankha.

Sindikunamizani kuti sindinaisowe ntchitoyo. Ndinaisowa zaka zonse, monga mmene munthu amasowera kwawo. Koma mukandibwezera pa khomo la ofesi ya Dotora lero, nditenganso chiphaso cha ku Tete.

Chaka chatha

Miyendo ya mayi anu itayamba kuvuta, anandiuza kuti akufuna akaone manda a Abele asanalephere kuyenda. Chibwererereni tinali tisanapiteko, ngakhale ndi pafupi. Tinkawoloka kukagula shuga ndi feteleza, koma njira ya kumsasa tinkaipewa tonse awiri popanda kupangana. Tinakwera njinga za kabaza mpaka pa malire. Tsidya la Malawi, msungwana wa yunifolomu wodinda ziphaso anatifunsa kuti, "Agogo, mukukaona ndani?"

"Mwana wathu," anatero Rosalina.

"Muyende bwino, mukam'patse moni."

Msasa kulibenso. Pali minda ya chimanga, nyumba za malata ndi chigayo. Thanki ija anaichotsa. Tinafunsa kwa eni mudzi, ndipo anatipatsa bambo wina wachikulire amene anali m'gulu la okumba manda nthawi imeneyo kuti atiperekeze. Manda a othawa nkhondo sanawalime. Anawasiya, ndipo pamera mitengo. Bamboyo anatilozera kumunsi n'kunena kuti, "Ana tinkaika uku. Mitanda inali ya bango, amayi, inatha kalekale."

Rosalina ankakumbuka kuti panali mtengo wa mthethe chakumutu. Tinapeza mithethe yambiri, ina yaikulu, ina yogwa. Timitumbira tinali tambirimbiri, tofanana, tina titatitimira, tokutidwa ndi masamba. Anayenda uku ndi uku atatsamira ndodo, akuima, akubwerera. Ine sindikanamuthandiza, chifukwa pamaliropo panalibe ine, ndipo pamene anandionetsa kale paja malowo anali poyera. Pomaliza anathyola nthambi n'kuyamba kusesa kamtumbira kamene kanali pafupi naye. Atamaliza anasesa kotsatira. Ndinathyola nthambi yanga, bambo uja nayenso anathyola yake, ndipo tinasesa mzere wonsewo mpaka dzuwa linapendeka. Tinapemphera mwachidule n'kunyamuka.

Pobwerera tinapeza msungwana yemwe uja pawindo. Anatizindikira, ndipo akudinda anafunsa akumwetulira kuti, "Mwam'peza mwana, agogo?"

Rosalina analandira chiphaso chake, n'kuchimanga pa nsonga ya chitenje.

"Tam'peza, mwanangu," anatero. "Ali ndi anzake."